Wowomba M'manja Kumbuyo

Ine nsomba sindinkadya. Nsomba ine ayi, ayi ndithu. Ndakhala m'dziko la azungu lino zaka zambiri, dziko limene msewu uliwonse ukununkhira nsomba yokazinga ndi tchipisi, koma ndikafika pa shopu ya nsomba ya kwathu ku Romford kuno ndinkawolokera tsidya lina, mphuno nditatseka ndi mpango. Adzukulu anga ankauza anzawo kuti agogo thupi lawo limadana ndi nsomba. Thupi silinkadana ndi kanthu. Nkhani yake inali achimwene anga.

Achimwene anali oyamba kubadwa, ine mzime, pakati pathu achemwali amene ali kumudzi mpaka lero. Anali mphunzitsi wachinyamata nthawi ija nduna zinayambana ndi mwini dziko, anthu ophunzira n'kuyamba kusowa mmodzimmodzi. Tsiku lina masana anafika pakhomo, anamwa madzi chiimirire, anandigwira pamutu, n'kumapita. Basi, kupita kwake kunali komweko. Patatha mwezi munthu wina anadzanong'oneza amayi kuti gulu la achimwene apolisi analipezerera pa mtsinje wa kumalire, kumpoto uko, madzi atasefukira, ndipo amene anadziponya m'madzi sanatulukenso. Patatha chaka wogulitsa nsalu wina anati ayi, mwana wanu anawoloka, ali ku Rasha, akuphunzira. Mawu awiri, kalata ayi. Amayi anawotcha zithunzi zonse chifukwa cha mantha, ine kusukulu anandithamangitsa ndili sitandade thuu ati ndine mlongo wa chigawenga, ndipo nsomba inaleka kulowa m'nyumba mwathu. Amayi ankati, "Ndidye bwanji chinthu chimene mwina chinadya mwana wanga?" Anamwalira osadziwa. Ife awiri, ine ndi achemwali, tinapitiriza kusala, wina ku Kasungu, wina ku London.

Nkhope ya achimwene ndinaiiwala, ndisaname. Ndinali kamwana. Koma manja, manja ndimawakumbuka! Akaseka kwenikweni, kuseka kochokera m'mimba, ankazungulira pachidendene kamodzi n'kuwomba m'manja kumbuyo kwa msana: pha, pha, pha. Osati kutsogolo ngati anthu onse ayi, kumbuyo. Amayi ankawafunsa kuti kodi ukuwombera ndani kumbuyoko, nkhuku? Ine ndayenda, ndaona anthu, Lilongwe ndamuona, Joni ndamuona, London ndi uyu, koma wowomba chotero sindinakumane naye.

Tsono ndili ndi mnzanga wa ku Zambia, amakhala ku Peckham, amakolopa m'nyumba ya kanema ina pakati pa tauni. Tinadziwana tikukanganirana mtolo womaliza wa nkhwani m'shopu ya ku Peckham komweko, iye wagwira uku ine ndagwira uku, mpaka tinagawana. Lolemba lina foni n'kulira, ndi iyeyo.

"Ba sisi, muchita chani?"

"Ndikupinda zovala za ana."

"Siyani vovala. Kuno ku nchito kwabwela maRasha, sabata yonse ni mafilimu yao chabe, pa Sande bazapasana mphoto. Manje pali imozi, nenze kusesa kumbuyo pamene benze kuyesa makina, naona bantu bakuda mu sinowo. Ba kudala, ba masuti. Si imwe munakamba ati ba kalongosi banu banayenda ku Rasha?"

Kabudula wa mdzukulu anagwa m'manja mwanga. Ndinamutola, anagwanso. Tsiku limenelo sindinakhale pansi. Ndinali piringupiringu m'nyumba, ndatsegula filiji ndatseka, ndaika ketulo ndaiwala madzi, ndakwera masitepe ndatsika, ndakwera ndatsika. Mwana wanga wamkazi, amene ndi nesi pa chipatala chachikulu cha kuno, anabwera kuchokera ku shifiti n'kundipeza ndikusesa khonde losesedwa kale.

"Amama, mwatani?"

Ndinamuuza. Anavula nsapato, n'kundiyang'ana ndi maso aja amayang'anira odwala okana mankhwala.

"Amama, ku Rasha kunapita anthu akuda ambirimbiri. A ku Ghana, a ku Angola, a kulikonse. Mukangodzipweteka mtima."

"Mtima unapweteka kale iwe usanabadwe. Ndiuze sitima yake basi."

Lachiwiri ndinakwera sitima yapepo ija ya Elizabeti, khadi la okalamba lili m'manja, mpando ulipo koma ine chiimirire. Mnyamata wandipatsa malo, ndakana. Mtsikana wandipatsa malo, ndakana. Miyendo inkafuna kufika sitima isanafike.

Nyumba ya kanemayo anali ataikongoletsa, zithunzi zikuluzikulu pakhoma, malemba awo aja ena oyang'ana kumbuyo ngati akwiya. Anthu ake ovala zakuda, amayi a milomo yofiira, madoda a masikafu, onse akulankhula shi-shi-zhi-zhi. Wakuda ndinali ine ndekha ndi mnzanga uja, amene anavula epuloni n'kudzakhala pambali panga ngati bwana.

Asanazimitse magetsi kunabwera mayi wina kutsogolo, wowonda, tsitsi laimvi lodula ngati la mwamuna. Ndiye mwini filimu. Analankhula Chizungu chopunduka ngati changa chomwe, ndipo ndinamva ndithu. Ati bambo ake anali wojambula kalekale, anasiya zojambula zawo m'mabokosi, iye wazilumikiza. Ati iyenso kwawo sakhalako, mabokosiwo anachita kumutumizira. Ndinati mumtima, ohoo, nawenso.

Magetsi thimu. Filimu yopanda mtundu, yoyera ndi yakuda, ikunjenjemera. Mafakitale, sitima, amayi onenepa akukolopa msewu, mawu a mayi uja akufotokoza m'Chirasha, ndipo pansi pake timalemba tachizungu tikubwera tikupita. Apa ndi pamene ndinalakwa koyamba. Ndinati mwina alemba dzina, mwina alemba Malawi, mwina Nyasalandi. Ndiye maso anga onse pansi, kugwira chilembo chimodzichimodzi ngati ndikutola mtedza. Ndikangogwira zitatu, mzere wathawa. Ndagwira zina ziwiri, wathawanso.

Chigongono cha mnzanga m'nthiti: "Imwe, tambani pamwamba!"

Ndikweze maso, ndi awo anyamata akuda pabwalo loyera mbee, zipewa zaubweya, akugendana ndi sinowo. Ndipo kumapeto kwenikweni, kudzanja lamanja, msana wa jasi lalitali ukumaliza kuzungulira, manja awiri ali kumbuyo akulekana. Akulekana, ngati angokumana kumene. Kenako sitima ya pamsewu, kenako nkhunda.

Ndinaimirira. Wina kumbuyo anati shii. Ndinakhala. Ndinaimiriranso. Mnzanga anandikoka chitenje mpaka chinatsala pang'ono kumasuka. Filimu yonse yotsalayo sindinaione, ndinali kungodikira kuti abwerere anyamata aja. Sanabwerere.

Kodi anawomba, kapena ankangokutumula sinowo? Funso limeneli linakwera nane sitima, linatsika nane pa Romford, linadya nane, linagona nane. Mwana wanga anasaka pa foni, filimuyo palibe paliponse. Mnzanga anafunsa kuntchito kwake n'kundiimbira: aionetsanso kamodzi, Lachinayi masana. Kupitirira apo, filimu imene anthu aivotera kwambiri ndi imene adzaibwereze Lasabata akatha kupereka mphoto. Lolemba mwini wake akukwera ndege.

Ndinati Lachinayi maso awiri sakwana. Ndipo mavoti, ngati ndi mavoti, ife timawadziwa.

Lachitatu ndinali ku Tottenham, kumene timapemphera. Amayi apakati pa sabata ndi ife agogo, olera adzukulu, ndi opuma pantchito. Anesi ndi osamala okalamba amakhala ali ku shifiti. Titatha nyimbo ndinaimirira n'kufotokoza zonse, za mtsinje, za wogulitsa nsalu, za nsomba. Ena analira. Ndinawaonetsa kuwomba kwake, ndinazungulira pachidendene ine ndi bondo langali, pha, pha, pha, onse n'kuyeserera, holo yonse agogo akuzungulira, wina anagwetsa fulasiki ya tiyi. A Tcheya athu, mayi wamtali wa mawu ngati belu, anamenya tebulo.

"Amayi, mawa tonse ku Rasha! Yunifomu yonse. Wodwala bondo amwe panado."

"A Tcheya, Chirasha timva?"

"Ulaliki wa abusa aja achizungu mumamva? Koma ameni mumayankha."

Ndipo ine, ine mwini wanga ndi pakamwa pangapa, ndinawonjezera: "Potuluka akupatsani kapepala ka manambala, wani mpaka faifi. Mung'ambe pa nambala imene filimu yakhoza. Ndiye musasokoneze. Yathuyi ndi nambala wani."

"Nambala wani!" onse pamodzi.

Lachinayi, mayo ine, Lachinayi! Tinatsika sitima ya pansi pa nthaka ngati tikupita kumaliro a mbusa, mabulauzi oyera, maduku oyera, zikwama m'khwapa, tikuimba chapansipansi. Azungu a pakhomo maso tong'o. Mnzanga wa ku Zambia ataima ndi chokolopera chake anagwira pakamwa: "Ba sisi, nenze nakamba ati bwelani na banzanu, osati na chalichi yonse."

Tinadzaza mizere inayi. Ine anandikhazika pakati, ati mwini nkhani akhale pakati. Kutsogolo kwanga kwenikweni a Tcheya, ndi duku lawo lija amamanga mosanjikiza ngati nyumba ya masitepe. Ndinati ndiwapemphe tisinthane, koma a Tcheya sapemphedwa kusuntha. Ndinati ndidzasuzumira pambali.

Mafakitale anadutsa. Sitima zinadutsa. Amayi okolopa msewu anadutsa, wina mwa ife n'kunena mokweza kuti nawonso amavutika eti. Ine malemba sindinawayang'ane, maso ndinawamanga pangodya ya kumanja, osaphethira, misozi ikutuluka chifukwa chosaphethira. Ndikudziwa kuti ikatha mbali ya ana a sukulu, kukubwera bwalo loyera. Ana a sukulu awo. Atha. Bwalo ilo.

Mnyamata woyamba wakuda atangotulukira, a Tcheya dzuu! Manja m'mwamba, nthungululu. Mizere inayi yonse dzuu! Lululululu! Wina akuti ndi uyo, wina akuti ayi ndi wachipewayo, wina akuwomba kumbuyo kuti akumbutse anzake, wina wayambitsa nyimbo. Ine wamfupi ine, kutsogolo kwanga misana yoyera yokhayokha ngati khoma la chipatala. Ndalumphira uku, duku. Ndalumphira uko, chikwama. Ndinakuwa kuti khalani pansi, koma mawu anga analowa m'nthungululu n'kukhala nthungululu. Pamene ankakhala pansi, nkhunda zinali zikuuluka.

"Mwawaona?" a Tcheya akutembenuka, thukuta kamukamu, nkhope yowala. "Mwawaona achimwene?"

"Inu mwaona wowomba kumbuyo?"

"Aa, ife timasangalala. Kodi simumayang'ana inuyo?"

Ndikanalira, koma ndinakumbuka kapepala. Ndinati palibe kanthu, Lasabata lilipo. Potuluka tinaima pamzere mwaulemu, aliyense ng'aa pa wani, ng'aa pa wani, kuponya m'bokosi. Mayi wina amene anagwirapo ntchito ku positi anati, "Koma a Tcheya, kuno manambalawa sayenda..." A Tcheya anamudula: "Mwayamba. Mwana wanu akakhala nambala faifi m'kalasi mumamuphera nkhuku?" Mayi uja anang'amba pa wani. Mwini filimu anali ataima chapatali pafupi ndi khomo, nkhope ili mbuu, akutiyang'ana. Ndinamugwedezera dzanja. Sanabweze.

Kapepala kena kotsala ndinapita nako kunyumba kuti ndikaonetse mwana wanga ntchito imene tagwira. Anakayang'ana, anandiyang'ana.

"Amama, mwang'amba pati?"

"Pa wani."

"Nonse?"

"Tonse, ngati munthu mmodzi."

Anakhala pansi pa masitepe. Anayamba ngati akutsokomola, kenako ndinaona kuti akuseka, kenako anaona nkhope yanga n'kusiya.

"Amama, kuno wamkulu ndi faifi. Ngati nyenyezi za hotela. Wani ndiye kuti filimu yoipa, yonyansa, musadzaionetsenso."

Mizere inayi! Ndinasonkhanitsa mizere inayi ya Akhristu, kuwakweza sitima, kudzapha filimu ya achimwene anga.

Lachisanu ndi Loweruka musandifunse. Ndinachapa makatani osada. Ndinapita kumsika wa Romford katatu osagula kanthu. Ndinaimbira mnzanga kuti kodi bokosi lija silingatsegulidwe, iye ati ba sisi mufuna banichose nchito? Ndinaimbira a Tcheya, iwo ati dziko lotani limene wani ali kumchira, n'chifukwa chake kulibe dzuwa. Achemwali kumudzi sindinawaimbire. Ndikanawauza chiyani, kuti ndaona msana?

Ndipo panali china chikundidya. Nkhope ya mayi uja pakhomo. Munthu wasunga mabokosi a bambo ake, walumikizalumikiza, wabwera nawo kudziko la eni, ife n'kumupatsa wani.

Kwathu ukalakwira munthu sutumiza uthenga. Umapita wekha, umanyamula kanthu, umagwada. Lasabata kutchalitchi sindinapite. Ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa chitenje changa chatsopano chimene ndinkasungira ukwati wa mdzukulu, cha maluwa achikasu, n'kukwera sitima yapepo, chiimirire.

Mwambo wa mphoto unali masana. Pansi anayala kapeti wofiira kuyambira pakhomo, ojambula ali mbali iyi ndi iyi, matambula aataliatali akuyenda pa mathireyi. Mnzanga anandilowetsa khomo la antchito n'kundiimika kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chozimitsira moto. Ndinaona zonse. Akaitana dzina, munthu akukwera, akumupatsa kachifanizo konyezimira ndi maluwa, akupsompsonana masaya, akulankhula, ena akulira. Kuwomba kwawo n'kwaulemu, phapha-phapha pang'ono basi, opanda ndi mmodzi yemwe wovina popita kukalandira. Mphoto ya wosewera wamwamuna. Mphoto ya wosewera wamkazi. Ya nyimbo. Ine ndikuti mwina Mulungu awerenga mapepala aja chadodolido. Pomaliza mphoto ya anthu oonera. Anatsegula envelopu. Inapita kwa mnyamata wandevu, wa filimu ya galu.

Galu! Achimwene anga kugonja kwa galu chifukwa cha ine.

Anthu atatuluka kukamwa, ndinamuona mayi uja ataima yekha pakona, tambula m'manja osamwa. Ndinayenda pa kapeti wofiira uja ine, nsapato zanga za kutchalitchi, kudutsa pakati pa milomo yofiira ndi masikafu. Nditafika patsogolo pake ndinagwada, mawondo onse awiri, gwa, chitenje ndanyamula m'manja awiri.

Mayi uja anakuwa. Tambula pansi phwaa. Akuti dokotala, dokotala, madzi! Wina wandigwira m'khwapa, wina akundipepesera mphepo ndi pulogalamu, mlonda akuthamanga ndi wailesi yake. Ine ndikuti ayi, sore, sore, sindinakomoke, ndikupepesa. Mpaka mnzanga anafika ndi chokolopera, n'kuwakankha onse: "Musiyeni, ni mwambo! Ni mwambo wa kwao!" Anawauza m'Chizungu chake chothamanga, ine ndikuthira ndemanga ndili chogwada.

Chizungu changa n'cha m'basi ndi kuchipatala, chake n'cha m'ndege, koma tinamvana. Ndinati ife aja a zoyera, ndife. Anati akudziwa, masiku atatu sakudya chifukwa cha ife. Ati atamva kukuwa kuja m'holo anaganiza kuti takwiya, kuti bambo ake anajambula anthu akuda monyoza iye osazindikira, ndipo atamva kuti m'bokosi mwadzaza mawani anatsimikiza. Ati amafuna kudula mbali imeneyo, aichotseretu.

"Ayi!" Ndinamugwira mwendo. "Osadula! Kukuwa kuja n'kukondwa. Wani kwathu ndi mfumu. Wani ndi mwana wanzeru. Faifi ndi wopita kukaweta mbuzi."

Anandiyang'ana. Anayang'ana mnzanga. Kenako anakhala pansi pa kapeti pomwepo, ndi diresi lake lakuda, n'kuseka. Anaseka mpaka utoto wa m'maso unatsikira m'masaya. Ndinamufunditsa chitenje chija pamapewa akusekabe. Ndipo ali chisekere ndinamuuza za achimwene, za mtsinje, za manja. Kuseka kunatha. Anaimirira, anandidzutsa ndi manja ake, anati tiyeni.

Malo opanda phokoso m'nyumba monsemo anali kachipinda ka mnzanga kosungira zokolopera. Tinalowa atatu, fungo la jiki, chitseko tseke. Anatulutsa laputopu m'chikwama n'kuiika pa chidebe chovundikira. Panja akuimba zoimba zawo, ife tili mu mdima ndi masache.

Anathamangitsa mafakitale, anathamangitsa sitima, ana a sukulu anadutsa ngati mphepo. Bwalo loyera. Anaimitsa. Anakulitsa ngodya ya kumanja kuti ndione nkhope.

Panalibe nkhope. Akakulitsa, munthu amasanduka timadontho, mchenga woyera ndi wakuda. Chipewa, mthunzi, china ngati ndevu za pamlomo. Akanakhala wa ku Ghana, akanakhala wa kulikonse. Ndinayang'ana mpaka maso kuwawa, ndipo ndinadzifunsa kuti ngakhale ikanaoneka bwino, ndikanaifanizira ndi chiyani? Zithunzi zinapsa ndili mwana.

"Musaimitse," ndinatero. "Musiyeni ayende."

Anabweza pang'ono, n'kumusiya. Anyamata akugendana. Wa jasi lalitali ali kumapeto, wawerama akuumba sinowo wake. Wina amugenda pakhosi, phwa! Awongoka. Mutu ukupita kumbuyo, pakamwa yasa, akuseka. Chidendene chikuzungulira, jasi likutambasuka ngati siketi. Manja akupita kumbuyo.

Filimuyo mawu a pabwalopo ilibe. Koma ine ndinamva. Pha. Pha. Pha.

Katatu.

Nthungululu imene ndinaimba m'kachipinda kaja, zidebe zinalira. Mnzanga anagwetsa masache onse. Mayi wa ku Rasha anayamba wadzidzimuka, kenako anakumbuka kuti n'kukondwa, nayenso n'kuyesa, lu-lu-lu yake yopanda mchira ngati nkhuku yomizidwa. Ndinati bwezani. Anabweza. Bwezaninso. Anabweza. Anawoloka, anthu inu, anawoloka! Madzi sanawatenge. Anafika, anavala jasi, ananenepa, wina anawagenda ndipo anaseka. Ndinavina pakati pa zokolopera, bondo langa loipa lija osalimva, ndikuimba mawu amodzi omwewo, anawoloka, anawoloka, amayi anga inu, anawoloka.

Dzina la munthu wa jasiyo mayi uja analibe. Pa bokosi bambo ake anangolemba mzinda ndi nyengo yachisanu, basi. Kumene anapita achimwene atachoka pabwalo limenelo, kaya anakwatira, kaya anafera komweko, kaya pali ana a tsitsi lopotana akuwomba kumbuyo m'dziko lozizira osadziwa kuti anatengera ndani, iye sadziwa, ine sindidziwa. Anati akafunsa. Mbali ya bwalo lija anaitumiza pa foni ya mwana wanga, ndipo analonjeza kuti sadula. Anatuluka kukakumana ndi anzake a mphoto atafunda chitenje chachikasu pamwamba pa diresi.

Mwana wanga anaonera madzulo ake, kawiri, katatu. Anati, "Amama, komatu anthu ena angathenso kuwomba chonchi."

"Tayesa iwe."

Anayesa pakhitchini. Anazungulira, manja anaphonyana, anagunda chitseko cha filiji.

"Waona? Zimafuna mwini wake."

Anangotenga foni n'kuimbira kumudzi, kumene achemwali amamvera pa foni ya mpongozi wawo. Netiweki inali yoduladula, ndiye atandipatsa foniyo sindinataye mawu.

"Achemwali! Anawoloka!"

"Ati chiyani? Ndani?"

"Achimwene! Ndawaona ndi maso angawa, ali mu sinowo, akuwomba kumbuyo!"

Ndinkangomva mbuzi ndi mwana akulira chapatali. Ndinati foni yaduka. Kenako mawu awo, aang'ono ngati a kamtsikana:

"Katatu?"

"Katatu."

Kenako ndinawamva akuitana mpongozi, osati ine: "Iwe, wa njinga wa usipa uja amadutsa tsiku lanji?"

Ine sindinadikire wa njinga. Lolemba, nthawi imene ndege ya mayi uja inkanyamuka, ndinatuluka m'nyumba, ndinayenda msewu wathu, ndipo pa shopu ija sindinawoloke. Ndinalowa. Bambo wa pamenepo, amene wakhala akundiona zaka zonsezi ndikuthawa khomo lake, anakweza nsidze. Ndinaloza yaikulu kuposa zonse. Anati mchere ndi viniga? Ndinati thirani zonse zimene mumathira.

Mipando inalipo koma sindinakhale. Ndinadyera panja, chiimirire, pepala likuwotcha m'manja, basi zikudutsa, mphepo ikundikoka duku. Yoyera m'kati, yofewa, yopanda minga, yosakoma kwenikweni ngati mmene ndinkakumbukira chambo cha ubwana wanga, koma ndinaimaliza yonse mpaka makoko. Ndipo ndikunyambita zala maso anali kale pa anthu otsika basi, mmodzimmodzi, makamaka ofiirira khungu, a msinkhu wa mwana wanga, kuona manja awo mmene akuwasungira.